Mdzukulu wa m'Fulashi

"Iwe unapita kusukulu, tandiuza. Mwanayu alimo m'katimu kapena mulibe?"

Amene anandifunsa funsoli ndi azakhali anga, alongo awo a bambo, atapanira fulashi, kachipangizo kosungiramo zithunzi za pakompyuta, pakati pa zala ziwiri ngati batani lothothoka pa malaya. Tinali pakhonde la sitolo ya zitsulo pamene iwo amasokera, titangobwera kumene kuchokera kwa wojambula zithunzi, komwe kompyuta inakana kutionetsa kanthu. Ndinayankha kuti alimo. Ndinali nditangolemba mayeso omaliza a kusekondale, ndipo masiku amenewo mawu akuti "sindikudziwa" sindinkafuna kuwatchula.

"Ngati alimo, mtulutse," anatero, n'kuyamba kupalasa makina awo.

Ndikulemba za iwowa chifukwa anthu ngati iwo salembedwa paliponse, ndipo ine ndinalipo, ndinaona zonse.

Mumsewu mwathu simungawapeze mukafunsa dzina lawo. Funsani Mayi Zipi, ngakhale kamwana kakulozerani. Makina osokera aja, opalasa ndi mwendo, anali a amuna awo. Amunawo atamwalira, msuweni wanga akadali kumsana, azakhali anakhala pampando womwewo asakudziwa n'komwe kudula kolala. Matelala ena a mumsewumo ankadana ndi ntchito ya zipi chifukwa ndi yotopetsa ndipo siitchukitsa munthu, choncho aliyense wobwera ndi thalauza loyasama ankamukankhira kwa mayi wamasiye uja. Azakhali sanakane. Anayamba ndi mathalauza, kenako zikwama za ana asukulu, majekete, masutikesi, mpaka matenti a anthu obwereketsa pamaukwati. Pansi pa tebulo lawo pali chitini chodzaza ndi zipi zimene anachotsa pa zovala zakutha, ndipo pambali pa makina sipasowa kapulayala ndi chidutswa cha kandulo. Zipi ikamalimba amaipaka kandulo m'mano. Kamutu kake kakakhwepa amakafinya ndi kapulayala. Anthu ambiri amabwerera osagula n'komwe zipi yatsopano, atangotukwanidwa pang'ono.

Chifukwa pakamwa pokha azakhali sabweza. Bambo wina wonenepa wa pa sitolo ya nyama anabwera kachitatu ndi thalauza lomwelo.

"Mayi, zipi zanuzi sizikulimba."

"Zipi ilibe mlandu, bambo. Mlandu uli ndi mimbayo. Kapena muisiye pano, ndiipinde?"

Khonde lonse linaseka, bamboyo nawonso anaseka, ndipo mpaka lero amabwerabe.

Ine ndinapita kukakhala nawo mayeso atatha. Kwathu tinachulukana m'kanyumba kamodzi, ndiye bambo anati ndikathandize azakhali podikira zotsatira. Mumtima ndinkati ndikungodutsa. Ndinkafuna ntchito ya mu ofesi yamagalasi, yokhala pa kompyuta, anthu azibwera kudzandifunsa zinthu. Koma sabata yoyamba yomweyo ndinazindikira kuti chimene azakhali ankafuna kwa ine ndi maso.

"Tandilowetsera ulusi, m'manja mwangamu muli mafuta."

M'manjamo munalibe mafuta. Tsiku lina anasokera zipi yabuluu pa siketi yakuda. Nditawauza anaichotsa mwakachetechete mwini wake asanabwere, ndipo kuyambira pamenepo anandandalika ulusi m'dongosolo lawolawo, wakuda kumanzere, woyera kumanja, ina pakati. Wosokoneza dongosololo ankamva zakumva. Makasitomala ankawazindikira ndi mawu. Munthu akaima pakhonde osalankhula, azakhali ankawerama ngati atanganidwa mpaka munthuyo apereke moni. Posoka, chala chawo chinkatsogola patsogolo pa singano kufufuza njira, ndipo msoko unkatuluka wowongoka moti palibe akanakayika.

Ndi matenda a shuga. Anawapeza nawo kalekale, koma kumaso anafika mochedwa ndiponso mwakachetechete. Diso lamanzere linali litachita kale mdima. Lamanja ndi lomwe linkagwira ntchito, nalonso linayamba chifunga. Atazindikira kuti ndadziwa, anandikoka mkono.

"Ukangomuuza msuweni wako, ndikusoka pakamwa. Ndipo sindiikapo zipi."

"Koma azakhali, ndi mwana wanu."

"N'chifukwa chake. Akamva asiya ntchito, abwera kuno ndi khanda kumsana. Adzadya chiyani, zipi?"

Msuweni wangayo ndi mwana wawo yekhayo. Ali kunja kwa dziko, kumene amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwakumbutsa mayina a ana awo. Anakwatiwa komweko, ndipo chaka chomwe ine ndinkamaliza sukulu anabereka mwana wamwamuna. Amaimba foni Lamlungu masana. Foni ya azakhali ndi yamabatani, choncho zithunzi za khandalo zinkafikira pa yanga, yomwe galasi lake linang'aluka pakona. Ankaiyandikitsa pamphuno, n'kupendeketsa mutu.

"Koma ndiye wokongola!"

Tsiku lina anayamikira chonchi chithunzi cha kabedi kopanda mwana, chimene msuweni anajambula kuti tingoona zimene agula. 

Anaganiza okha kuti chithunzi chikakhala chachikulu, cha pakhoma, adzamuona mdzukulu wawo diso lisanatseke. Tinatenga chimodzi cha pafoni panga n'kupita nacho kwa wojambula zithunzi wa mumsewu mwathu, amene aliyense amawatchula kuti a Mwetulirani chifukwa ndiwo mawu omwe amauza munthu aliyense, ngakhale wodzajambulitsa cha pachiphaso. Atachikulitsa, nkhope ya mwana inasweka kukhala timabokosi ngati nsalu ya yunifolomu. Iwo anati zithunzi zotumizirana pafoni zimafinyidwa m'njira, ndiye kuti chikule bwino pafunika zenizeni, monga mmene zinatulukira mu foni yojambulayo. Azakhali anauza mwana wawo kuti akufuna cha pakhoma choti alendo aziona. Msuweni anagula fulashi, anaikamo zithunzi zonse kuyambira tsiku lobadwa, n'kupatsira dalaivala wa lole wodziwana naye. Inafika itakulungidwa mu sokosi ya mwanayo. Azakhali anainunkhiza sokosiyo kwa nthawi yaitali, kenako anavala diresi la kutchalitchi, tinanyamuka.

Chipinda cha a Mwetulirani ndi chaching'ono, chonunkha inki ndi fumbi. Kukhoma kuli nsalu yojambulidwa mathithi, patsogolo pake mpando wapulasitiki. Pamsomali pamapachikidwa jekete ndi tayi zobwereka amuna odzajambulitsa zofunsira ntchito, ndipo pagalasi pali chipeso chomangiriridwa chingwe. Kompyuta imakhala pakona, yofunditsidwa nsalu yoluka. Ndi yakale, imalira ngati fani, ndipo eni ake amanyadira kuti sinalawepo intaneti.

"Yangayi siyendayenda," amatero. "Imagona pakhomo."

Analowetsa fulashi. Pa sikirini panabwera mafayilo ambirimbiri, koma onse oyera ngati mapepala osalembapo. Anadina limodzi, kompyuta inafunsa m'Chingerezi kuti ilitsegule ndi chiyani. Anadina lina, chimodzimodzi. Anavula magalasi.

"Mayi, vayirasi uyu. Ndimamudziwa. Chaka china anandidyera zithunzi za ukwati wonse. Tiipukute fulashiyi isanandipatsire matenda."

"Kupukuta ndiye kutani?"

"Kufufuta zonse, ikhale yatsopano."

"Mufufute mdzukulu wanga?"

Azakhali anapapasa pakompyutapo n'kuizula fulashi ija okha. Ndinapempha kuti ndiyeseko. A Mwetulirani anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, koma anadzuka pampando. Ndinaona kuti mayina a mafayilowo akuthera ndi zilembo zinayi, HEIC, pamene zithunzi zonse za mu kompyutamo zinkathera ndi JPG.  Ndinati ndapeza. Ndinakopera limodzi pambali, ndinafufuta zilembo zija n'kulembapo JPG, ndinadina. Panabwera chibokosi chakuda ndi mawu akuti fayiloyi singatseguke.

"Wachita chiyani?" anafunsa azakhali.

"Ndasintha dzina lake kuti lifanane ndi anzakewo."

"Ndiye wangosintha kapepala ka pakolala, malayawo ali omwewo?"

A Mwetulirani anaseka mpaka kutsokomola. Tinatuluka, ndipo titafika pakhonde ndi pamene anandifunsa funso lija.

Tsikulo linali Loweruka. Mawa lake masana foni yamabatani inalira, ndipo ine ndinali pomwepo ndikusita zovala. Mawu a msuweni ankamveka mpaka pomwe ndinaima.

"Amayi, mwalandira?"

"Ndalandira, mwanawe. Ndatsukitsa kale. Chili pakhoma apa ndikulankhula."

Ndinasiya simbi.

"Mwamuona bwanji?"

"Mphumi ndi ya malemu bambo ako, osachotsera. Alendo akungoima pakhomo kuyang'ana."

Msuweni anaseka, kenako analira, ndipo analankhula zina mpaka mayunitsi anatha. Pakhoma panali kalendala yokha.

"Azakhali, mwanena zimenezi chifukwa chiyani?"

"Mwana wanga wayenda kukagula kanthuka, wakhala pansi kuikamo zithunzi khanda likulira, wagwadira dalaivala kuti anyamule. Ndimuuze kuti watumiza zopanda pake? Sita malayawo, akupsa."

Sanadziwe kuti atseka khomo lapafupi kwambiri. Ndinazindikira zimenezi Lolemba, nditagula kabandulo ka intaneti n'kuwerenga pafoni panga. Mafayilowo sanali ndi vayirasi. Mafoni atsopano amasunga zithunzi m'njira yatsopano, yopanikiza bwino kuti zisadye malo ambiri, ndipo makompyuta akale saidziwa njira imeneyo. Chithunzi chimakhala chilipo, chabwinobwino, koma chimafunika kusinthidwa kuti chikhale cha mtundu wakale uja. Chophweka kuposa zonse chinali kuuza msuweni kuti asinthe kumeneko, pafoni yake yomweyo, atumizenso. Nditanena zimenezi azakhali anandiyankha osadzutsa mutu pamakina.

"Atumizenso chimene chili kale pakhoma? Adzafunsa kuti ndinaona chiyani. Akafunsa zimenezo afunsanso zina. Peza njira ina."

Njira ina inali yoika kapulogalamu kowonjezera mu kompyuta ya a Mwetulirani kuti iphunzire kuwerenga mafayilowo. Iwo anakana ndisanamalize kufotokoza. Ndipo ngakhale akanalola, zimene ndinawerenga zinkaonetsa kuti kompyuta yawo ndi yakale kwambiri moti kapulogalamuko sikakanakhalamo.

Ndiye tinapita kwa Dijei. Uyu ndi mnyamata wamkulu ndithu, wandevu, amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu pafupi ndi pokwerera mabasi. Kakontena kake n'kopapatiza, zingwe zili lendelende kudenga, ndipo sipika ya pakhomo imagwedeza malata. Laputopu yake ili ndi mabatani ofufutika zilembo, koma imalowa pa intaneti kudzera pafoni yake. Azakhali anatseka makina masana, zomwe sachita ngakhale akudwala, n'kunditsatira atandigwira phewa ngati akungondikonda.

"Aaa, izi n'zosavuta, mayi," anatero Dijei atatsitsa nyimbo. "Pali malo pa intaneti. Timaponya chithunzi, iwo amasintha, amatibwezera."

"Mukuponya kuti?"

"Pa intaneti."

"Kwa ndani?"

"Eni ake sindiwadziwa. Koma amabweza."

"Akabweza, iwo satsala nacho?"

Dijei anakanda ndevu. Akanatha kunama, ndipo ine ndinkamutsinzinira diso kuti aname. Sananame.

"Amalemba kuti amafufuta. Koma ine sindinapiteko kukaona."

"Mwana wa miyezi yochepa, pena ali maliseche m'bafa, mumupereke kwa anthu opanda nkhope? Amayi ake anandipatsa ine. Zulani."

Pobwerera ndinayenda patsogolo, dzanja lawo lili paphewa panga. Ndinakwiya. Tinali titafika pakhomo penipeni. Koma nditaganiza bwino, ndinalibe yankho la funso lawo, Dijei analibe, ndipo pafoni panga sindinalipezenso.

Mawa lake ndinabwerera ndekha. Dijei anati pali mapulogalamu ena omwe amasinthira chithunzi mu laputopu momwemo, osachitumiza kwina kulikonse, koma afunika kupeza yogwirizana ndi laputopu yakeyo. Anati ndibwere mawa. Mawa limenelo linatalika. Yoyamba imene anapeza inangodzaza sikirini ndi zotsatsa malonda. Yachiwiri inafika pakati netiweki n'kuduka, kuyambiranso, kudukanso. Kenako magetsi anavuta, kenako chaja yake inapsa. Iye anali ndi makasitomala ake oti awathandize, ndipo ine ndinkaima pakhomo, sipika ikundiboola m'makutu, kudikira kuti mzere uthe. Anyamata a pamabasi anayamba kunditchula kuti mlamu.

Azakhali anasokera fulashi ija kathumba, ka zipi yaing'ono yofiira, n'kumakavala m'khosi mkati mwa bulauzi. Ndikamapita kwa Dijei ankandipatsa ngati akundipatsa mwana weniweni. Ndikabwera sankafunsa. Ankangotambasula dzanja.

Lamlungu lililonse bodza lija linkakula. Msuweni ankafunsa kuti asankha chiti, azakhali ankati cha kumwetulira chija. Ankafunsa kuti aika mu fulemu yotani, ankati yakuda. Lamlungu lina msuweni anati ndimutumizire chithunzi cha khomalo, aone. Azakhali anayankha msanga kuti kamera ya foni yanga yafa. Atandipatsira foni, msuweni anandiseka monga amachitira.

"Iwe msuweni, ulesi unakulepheretsa kukwatiwa, tsopano wafika ku kamera?"

"Ndikudikira amuna ako akusiye, ndiwatenge."

Tinaseka tonse. 

M'masabata omwewo tinapita kuchipatala. Anawadontheza mankhwala m'maso, tinakhala pabenchi nthawi yaitali, kenako adokotala anawaunika ndi kanyali. Anati timitsempha ta kumbuyo kwa diso tikudontha, ndipo anatitumiza kuchipatala chachikulu kumene kuli makina, komwenso kuli mzere wa anthu odikira. Anati cholinga n'kuteteza chimene chatsala, chifukwa chimene chapita n'chovuta kubwerera. Azakhali anathokoza mwaulemu. Panjira anandiimitsa pa sitolo kuti tigule ulusi wakuda. Tikudikira basi ndi pamene anandiuza, ngati akunena za munthu wina.

"Pakati pali ngati wina wadinda chala pagalasi. Ndikayang'ana iwe, ndikuona makutu ndi tsitsi. Chalacho chikukula."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkathamanga popita kwa Dijei, ngakhale kuthamangako sikunkafulumizitsa netiweki.

Pulogalamu yachitatu inalowa Lachisanu lina m'mawa. Ndinakatenga azakhali kuti adzimvere okha. Dijei anazimitsa intaneti pamaso pawo, anawapatsa foni yake kuti aigwire.

"Mwaona, mayi? Chingwe ndachotsa. Mwana satuluka m'nyumba muno."

"Chabwino. Chitani."

Anasankha mafayilo onse, anadina, kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Katafika kumapeto, mapepala oyera aja anali ndi anzawo atsopano pambali, ndipo atsopanowo anali ndi mitundu. Dijei anatsegula chimodzi. Mwana anadzaza sikirini yonse. Tsitsi lililonse linkaoneka palokha, ngakhale kadontho ka mkaka pachibwano. Ndinakuwa. Dijei anamenya tebulo.

"Watuluka?" anafunsa azakhali.

"Watuluka, azakhali! Uyu apa!"

Anaweramira pa laputopu, koma m'kontenamo munali mdima ndipo sikirini inali yothimbirira.

"Pagalasi sindiona bwino. Tiyeni kwa ajambuli."

Ndinasankha ine chithunzicho, chifukwa panalibe wina woti asankhe. Ndinatenga cha kumwetulira, kuti bodza limodzi lisanduke zoona. A Mwetulirani anayamba aipimitsa fulashi ku pulogalamu yawo yosaka vayirasi, akung'ung'udza, kenako anatsegula chithunzicho. Anatulutsa pepala lalikulu kuposa onse amene makina awo amalola, lonyezimira, anapukuta fumbi pamakina ndi mkono wa malaya. Chinatuluka pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi. Anachigwira m'mbali ndi manja awiri n'kuuza azakhali kuti adikire inki iume.

Azakhali sanadikire. Anatuluka nacho panja, padzuwa, ife tikutsatira. Anachitambasula patali. Anachiyandikitsa. Anapendeketsa mutu uku, anapendeketsa uko. Anthu odutsa ankacheuka.

"Bulangeti ndi lachikasu," anatero.

"Inde, azakhali."

"Aka ndi kadzanja. Wafumbata."

"Inde."

"Ili ndi khutu."

Anasuntha pepala kuti nkhope ibwere pamene panali khutu, koma diso linatsatira, ndipo chala chija chinatsatiranso. Anayesanso. Anayang'ana pakona ya pepala kuti nkhope aibe ndi m'mbali mwa diso. 

"Ajambuli, mwadetsa pankhope."

A Mwetulirani anatsegula pakamwa. Ntchito yawo saifuna kuti munthu ainyoze, ndipo pepalalo linalibe kadontho ngakhale kamodzi. Anayang'ana pepala, anayang'ana azakhali mmene anapendekera mutu, kenako anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi.

"Ndi inki yanga, mayi," anatero motsitsa mawu. "Yatsala pang'ono kutha. Ndibwereza."

"Musavutike."

"Ndibwereza. Mawa ndigula ina."

"Ndati musavutike, bambo. Inki yanu ilibe mlandu."

Anakulunga pepala lija mosamala, osalipinda, n'kundigwira phewa. Mumsewu bambo wa pa sitolo ya nyama anawakuwira za thalauza lake, iwo sanayankhe. Sindinawaonepo akusiya nthabwala ikudutsa.

Kunyumba tinachotsa kalendala, ndinakhoma chithunzicho ndi timisomali, chifukwa fulemu tinalibe. Azakhali anakhala pampando moyang'anana nacho, manja ali pamiyendo. Dzuwa linkalowera pazenera n'kuwalitsa khoma lonse.

"Tandiuza. Mphumi ndi ya ndani?"

Malemu amuna awo sindinawaonepo. Ndinati ndi yotakata, yonyezimira.

"Maso?"

"Aakulu. Akuyang'ana amene akumujambulayo."

"Aakulu bwanji? Ngati a amayi ake?"

"Mwina."

"Mwina? Iwe uli ndi maso awiri, ukuti mwina?"

Ndinayesa. Ndinanena za mphuno, za nsidze zopyapyala, za kadzenje ka patsaya limodzi. Mawu aliwonse amene ndinkatchula ankakwanira mwana wina aliyense wa mumsewu mwathu. Kusukulu ndinkapambana pa chimangirizo, aphunzitsi ankawerenga zanga kutsogolo kwa kalasi, koma nkhope ya mwana mmodzi inandikanika. Azakhali anamvetsera mpaka ndinatha, kenako anadzuka, anapapasa khoma, n'kuyendetsa chala papepala lija kuyambira pakhutu kulowera pakati. Pepala ndi losalala paliponse. Anabweza dzanja.

"Zikomo, mwana wa achimwene. Wamutulutsa."

Anapita kukasamba m'manja kuti abaye mankhwala awo.

Ndinatsala ndikuyang'anizana ndi mwanayo. Masabata onse aja ndinkakhulupirira kuti vuto ndi zilembo zinayi za kumapeto kwa fayilo, kuti ndikangozigonjetsa azakhali adzaona, ndipo msewu wonse udzadziwa kuti ndinatsegula ndine. Zilembozo zinagonja. Makina a kuchipatala chachikulu tinali tisanawafike, ndipo adokotala sanatilonjeze kuti tikawafika nkhope idzaoneka. Chimene chinatsala kwa azakhali ndi m'mbali mwa diso limodzi, ndi zala zimene zimapeza dzino lopindika la zipi pakati pa anzake onse. Zala zimenezo sizingawerenge pepala. Zingawerenge mphumi yeniyeni, tsaya lenileni. Ndipo munthu yekhayo amene angabweretse tsayalo ankakhulupirira kuti amayi ake amaliona m'mawa uliwonse pakhoma.

Ndikudziwa zimene azakhali amaopa, ndipo si zachibwana. Mwina msuweni asiya ntchito. Mwina sangathe kubwera n'komwe, ndiye ndingomusenzetsa chisoni kutali komweko. Mwina azakhali andibweza kwathu, ndipo ulusi adzawalowetsera wina. Koma msuweni amasambitsa amayi a anthu ena tsiku ndi tsiku, ndipo zoti achite ndi amayi ake ayenera kusankha yekha, adziwe zoona nthawi ikadalipo.

Ndinaganiza zosadikira Lamlungu. Mawa lake m'mawa, azakhali akangokhala pamakina, ndidzagula mayunitsi, ndidzapita kuseri kwa sitolo ya zitsulo kumene sangandimve, ndidzamuimbira msuweni ndi kumuuza zonse, kuyambira pa kabedi kopanda mwana. Ndikamaliza ndidzabwerera pakhonde, n'kuwauza azakhali ndekha kuti ndanena.